M'mimba mwa Mtsuko

Pabanja pathu wochepa mapewa ndine,
ndiye chaka chilichonse mphesa zikayamba kuda
wotsitsidwa mumtsuko ndimakhala ine.
Si mtsuko wosenza pamutu ayi.
Uwu anaukwirira mpaka m'khosi, kuseri kwa nyumba,
agogo awo a bambo akadali ndi mano onse,
ndipo munthu amaimiriramo osaoneka ndi tsitsi lomwe.

Gocha, mlongo wanga, wagwira makwerero.
Ine nyali pachipumi, khungwa la mtengo m'manja,
ndikupala masese a chaka chatha
mpaka dongo lifiire kuti psuu.
Sopo salowa muno.
Madzi a pachitsime, phulusa, ndi mkono basi.
Ndikatsokomola, mtsuko nawo utsokomola.

Pamwambapo ayambanso kukangana,
mawu awo akundigwera m'mutu ngati timiyala.

Chaka chino mvula inakakamira m'chigwa cha Alazani,
chiwawu chinalowa m'masamba ngati mphekesera,
kenaka matalala ochokera kumapiri
anasasantha mizere isanu ya kumunsi
madzi a tiyi asanawire n'komwe.
Temuri wa kuseri kwa mpanda anapopera kasanu ndi kawiri
mankhwala a m'zigubu zabuluu zija;
onani mphesa zake, lende ngati mabere a ng'ombe.
Ife tinanyika khwisa mumgolo mpaka ananunkha,
n'kumawaza mbandakucha, manja akuyabwa,
masamba odwala tikuthothola limodzilimodzi.

"Mitsuko tili nayo isanu ndi iwiri," akutero Gocha,
"idzadza itatu yokha.
Kodi a kubanki tikawalipira nyongolotsi?"

Bambo Shalva sayankha msanga.
Ndikumva ndodo yawo, go, go, kutuluka panja,
go, go, kubwerera.
Ndikudziwa chimene anyamula: dothi lodzaza chipewa.
Alikhuthula patebulo la mayi loyalidwa nsalu,
lakuda bii, lofungatira mizu ya udzu,
nyongolotsi zikudzipinda ndi manyazi.

Ali mnyamata anasenza pampu kumsana zaka khumi ndi ziwiri
m'minda ya boma, mizere yosaoneka polekezera.
Amati kumeneko mbalame zinasiya kutera,
nthaka inauma gwa ngati njerwa,
ndipo chifuwa chimene anachitenga komweko
mpaka lero chimawadzutsa tambala asanalire.
Sanena zonsezi lero.
Angoti, "Nunkhiza."

Gocha sanunkhiza. Wamenyetsa chitseko.
Makwerero awaiwala onse awiri,
ndipo ndakhala pansi mumdima wozizira
ndikuyang'ana kamwezi ka pakamwa pa mtsuko
mpaka mayi Lamara atasuzumira
n'kufunsa ngati ndafuna kugona momwemo.

Tinakolola. Tinaponda ndi mapazi,
kamwana ka Gocha, Nutsa, kakuterereka n'kumaseka.
Madzi, makoko, njere ndi timitengo tomwe,
zonse tinathira pamodzi.
Yisiti wa m'sitolo sitimudziwa;
chotupitsa chimabwera chokha, chitakwera pakhungu la mphesa.
Usiku wachitatu pansi panayamba kung'ung'udza.
Tinavundula kanayi patsiku,
kenaka mwala pakamwa, dongo lonyowa m'mbali,
mchenga pamwamba,
n'kusiyira nthaka ntchito yake nyengo yonse yachisanu.

Tinatsegula mitengo itayamba kuphukira.
Vinyo anatuluka wa maonekedwe a uchi wakale,
wowumitsa lilime pang'ono,
akununkhira mapeyala ouma ndi mvula ija inatizunza.
Mabotolo mazana asanu ndi anayi okha.
Mayi analemba dzina lathu pa lililonse ndi dzanja,
ena mokhota, maso atatopa.

Gocha analawa ataimirira, nkhope kumbali.
Sananene kuti bambo analondola,
ndipo ngongole ija ikadalipo.
Anangotambasulanso kapu.

Mitsuko inayi ija inagona ndi njala chaka chonse.
Mawa ndilowamo, umodziumodzi.
Nayonso imafuna kutsukidwa.